Ngati msika umakutopetsani, yezani thalauza limodzi basi

Alipo anthu amene akangomva kuti mawa tikupita ku Limbe kapena ku Tsoka kukasankha zovala, mutu umayamba kuwawa usiku womwewo. Phokoso, kukokedwa dzanja ndi ogulitsa, kunenerera mtengo, kuyesa thalauza kuseri kwa chitenje anthu akudutsa. Munthu wotere amagula mothawa. Amatola chimene chili pamwamba pa mulu, kukafika kunyumba sichikumukwana, ndiye mwezi wamawa ayenera kubwereranso kumsika komwe amadana nako kuja.

Ife osoka timadziwa kuti vuto la munthu ameneyu ndi manambala. Sadziwa miyezo ya thupi lake, choncho chovala chilichonse ayenera kuchiyesa. Wodziwa miyezo amalowa mumsika, kuyala tepi pa chovala, kulipira, n'kutuluka mphindi makumi awiri zisanathe.

Musayambe n'kudziyeza thupi, chifukwa munthu podziyeza yekha amakoka mimba ndipo tepi imapendekeka kumbuyo. Tsegulani sutikesi kapena wadirobu, mutenge thalauza kapena siketi imene mumaivala osaganiza kawiri, ija mumaidikira kuti iume. Itsekeni zipi ndi batani, muiyale patebulo. Yezani m'chiuno kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Mukapeza mainchesi 16, ndiye kuti chiuno cha thalauzalo ndi 32. Yezani ntchafu pamunsi penipeni pa mphechepeche, kenako mwendo wamkati kuchokera pa mphechepeche kufika kumpendero. Pali muyezo wina umene anthu ambiri amauiwala: kuchokera pa mphechepeche kukwera kutsogolo mpaka pa lamba. Umenewu ukachepa ngakhale ndi inchi imodzi, thalauza limakulumani mukakhala pansi kapena mukakwera kabaza, ngakhale m'chiuno likukwana bwinobwino.

Shati kapena bulawuzi nayonso iyaleni, mabatani atatsekedwa. Yezani kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, kuchokera pa msoko wa phewa kufika pa msoko wa phewa linalo kumbuyo, ndi kutalika kuchokera pansi pa kolala. Manambala asanu ndi awiri amenewa alembeni m'foni. Tepi ya telala ndi yotchipa ndipo imalowa m'thumba. Ngati mulibe, dulani chingwe mumange mfundo pa muyezo uliwonse.

Njira ija ya kumsika yozunguliza chiuno cha thalauza m'khosi, kapena kulowetsamo mkono kuchokera pachigongono kufika pachibakera, imathandiza anthu owonda. Kwa munthu wamimba kapena mayi wa mahipi imanama.

Nambala ya pa lebulo nayonso musaikhulupirire kwambiri. Mabelo a kaunjika amachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Diresi imene ku UK ndi saizi 12, m'maiko ambiri a ku Ulaya amalemba 40, ku America amalemba 8. Pa jinzi, W32 L30 ndiye kuti chiuno mainchesi 32, mwendo wamkati 30. Shati ya kolala 15½ ndi yomweyo imene ena amalemba 39 kapena 40, chifukwa iwo akuwerenga masentimita. Onjezani kuti chovala cha kaunjika chinachapidwa kale kambirimbiri, mwina chinafupika, mwina mwini wake woyamba anachibweza. Tepi ndi imene imanena zoona.

Tsopano zovala zingati? Kwa munthu wogwira ntchito masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata, amene amachapa Loweruka, izi zimakwana: mathalauza kapena masiketi atatu, mashati kapena mabulawuzi asanu, matisheti awiri apakhomo, juzi imodzi ndi jekete imodzi ya June ndi July, zamkati zisanu ndi ziwiri, ndi nsapato mapeya awiri. Masokosi gulani mapeya asanu ndi limodzi a mtundu umodzi, akuda okhaokha, kuti imodzi ikatayika inzake isakhale ya masiye. Nyengo ya mvula onjezani thalauza limodzi, chifukwa jinzi yochapa mu January ikhoza kutha masiku awiri pachingwe isanaume.

Chinsinsi chagona pa mitundu. Zakumunsi zonse zikhale za mitundu yosasankha inzake: yakuda, yotuwa, khaki kapena buluu wakuda uja timati nevi. Zakumtunda zikhale zoti iliyonse igwirizane ndi chakumunsi chilichonse. Mukatero, mashati asanu ndi mathalauza atatu akupatsani kavalidwe ka mitundu 15, ndipo m'mawa magetsi atazima mukhoza kutola mumdima osalakwitsa. Kunena zoona, chakuda chenicheni si bwenzi la dziko lathu. Fumbi la September ndi October limaonekera pomwepo, dzuwa limachisulutsa m'mapewa ndi m'maondo, ndiponso chimatentha. Chotuwa ndi khaki zimabisa fumbi. Shati yoyera mbee ikhale imodzi yokha ya kutchalitchi ndi kuukwati. Ya tsiku ndi tsiku ikhale ya timizere kapena timabokosi ting'onoting'ono, zimabisa makwinya ndi thukuta.

Kwa amayi, diresi imodzi yosagwira thupi imachotsa ntchito yofananitsa chakumtunda ndi chakumunsi. Madiresi atatu osokedwa mofanana koma nsalu zosiyana, palibe amene angadziwe kuti ndi sitayilo imodzi. Mathalauza amayi akuvala momasuka chichokereni lamulo la kavalidwe la 1973 lija mu 1993, komabe chitenje chimodzi chisachoke m'chikwama, cha pamaliro, kwa apongozi ndi kumudzi. Chikhale chopanda nkhope ya munthu wandale kapena uthenga wa bungwe, kuti chilowe paliponse.

Pa nsalu ndi pamene anthu amapusitsidwa ndi maso. Yang'anani kalebulo kamkati, kawirikawiri kamakhala pa msoko wakumanzere chakumunsi. Thonje lokhalokha limapuma bwino pa kutentha koma limachita makwinya, ndiye muzikhalira kusita. Poliyesitala yekhayekha safuna simbi, koma amasunga kutentha ndi fungo la m'khwapa, moti ku Nsanje kapena ku Salima mu October ndi chilango. Kwa munthu wosafuna zovuta, nsalu yosakaniza thonje ndi poliyesitala, monga maperesenti 65 ndi 35 kapena 60 ndi 40, ndi imene imakhala pakati: imauma msanga, ndipo mukaiyanika pa hang'ala itakung'unthidwa bwino, nthawi zina simbi imangodutsa kamodzi. Lebulo ikakhala kuti inadulidwa, finyani nsaluyo m'dzanja muwerenge mpaka khumi n'kusiya. Ikatsala yokhwinyata, dziwani kuti idzatero tsiku lililonse mukatsika minibasi. Jinzi yotamuka kwambiri imakoma poyamba, koma timaulusi ta labala timene tili mkatimo timafa ndi dzuwa komanso simbi yotentha, ndipo m'maondo mumayamba kulendewera.

Pogula kaunjika, malo oyang'ana ndi ochepa ndipo ndi omwewo nthawi zonse. Pa thalauza tembenuzani pa mphechepeche muloze kudzuwa. Kuwala kukamadutsa, nsalu yathetheka ndipo chigamba sichidzagwira. Kokani zipi katatu, pisani m'matumba. Pa shati onani mkati mwa kolala ndi m'khwapa. Banga lachikasu la m'khwapa kawirikawiri silichoka, musamvere zoti likachoka ndi sopo. Pa siketi ya lasitiki, kokani m'chiuno mumvetsere: ikamalira ngati ikuthetheka, yafa, ngakhale kusintha lasitiki ndi ntchito yaing'ono kwa telala. Batani losowa, mpendero womasuka ndi msoko wotseguka si zifukwa zosiyira chovala chabwino.

Dziwaninso zimene telala angakonze ndi zimene sangathe. Kufupikitsa miyendo kapena mikono n'kosavuta. Kubweza m'chiuno kumatheka mpaka mainchesi awiri. Kupitirira pamenepo matumba akumbuyo amayandikana ndipo thalauza limaoneka lobwereka. Kukulitsa kumatheka pokhapokha ngati mkati mwa msoko wakumbuyo anasiyamo nsalu, zimene zimapezeka pa thalauza la suti koma osati pa jinzi. Mapewa a shati ndi jekete ndiye musawerengere n'komwe. Akakula kapena kuchepa, chisiyeni chovalacho.

Amene safuna n'komwe kuponda mumsika ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupeza wogulitsa mmodzi wokhulupirika, kumupatsa manambala anu ndi mitundu imene mumavala, kuti akatsegula belo azikupatulirani. Akamatumiza chithunzi pa WhatsApp, muuzeni ayale tepi pa chovalacho manambala azioneka, ndipo mugwirizane za kubweza musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Mashopu a DAPP nawo amathandiza anthu odana n'kunenerera, popeza zovala zimakhala pa mahang'ala ndipo mtengo ndi woikika kale.

Yachiwiri ndi kusoketsa. Tengerani telala chovala chija chokukwanani, munene kuti akope chimenechi osasintha kanthu. Izi zimaposa kumuonetsa chithunzi cha pa Facebook, chifukwa chithunzi sichionetsa mmene nsalu inadulidwira. Pa nsalu yotambalala masentimita 150, thalauza la munthu wamkulu limadya mita imodzi ndi kota, shati ya mikono yaifupi mita ndi theka, ya mikono yaitali pafupifupi mamita awiri. Chitenje n'chopapatiza, chimakhala cha m'ma 115, choncho mamita awiri amakwana siketi kapena shati ya mikono yaifupi, pamene diresi imafuna atatu kapena anayi malinga ndi thupi. Nsalu ya thonje muichape kaye ndi kuiumitsa musanaipereke. Imafupika ikalawa madzi koyamba, ndipo ikadulidwa isanachapidwe, shati imene inakukwanani kwa telala idzakhala ikutsegula pamimba ikachoka pachingwe.

Soketsani chimodzi choyamba, muchivale ndi kuchichapa kawiri. Chikakhala bwino, ndiye perekani nsalu ya zotsalazo nthawi imodzi. Pewani masabata otsegulira sukulu mu September ndi mwezi wa December, pamene makina amakhala odzaza ndi mayunifolomu ndi zamaukwati, ndipo ntchito imasokedwa mothamanga. Lipirani theka poyamba, theka linalo mutayesa.

Kuti zovala zochepazi zikhalitse, zichapeni zotembenuza, zamtundu muziyanike pamthunzi wodutsa mphepo, ndipo musazisiye zonyikidwa m'sopo usiku wonse. Nyengo ya mvula musayanike pansi kapena pa udzu, ndipo sitani chilichonse chimene chauma panja, makamaka zamkati ndi m'misoko, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu yachinyezi ndipo kutentha kwa simbi ndi kumene kumawapha. Simbi ikakhala yamakala, yalani kansalu kathonje pamwamba pa thalauza lakuda, apo ayi lidzayamba kunyezimira m'misoko ndi pa matumba, ndipo kunyezimira kumeneko pa poliyesitala sikuchokanso.