Thanki yanu ingasunge nsomba zingati magetsi atazima?

Kuno ku Kasungu mathanki a galasi osungiramo nsomba zokongoletsa ayamba kuoneka m'malo ogona alendo, m'maofesi ngakhale pabalaza m'makomo ena. Amene amabwera kudzandifunsa nzeru amayamba ndi funso limodzi: thanki iyi ingalowe nsomba zingati? Kulowa zimalowa zambiri ndithu. Chofunika kufunsa n'chakuti ndi zingati zimene zingakhale zamoyo masana a mu Okutobala, kunja kukutentha, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Nambala imeneyo ndiyo yoyenera thanki yanu.

Nsomba imapuma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo mpweyawo ndi wochepa kwambiri. Madzi a madigiri 20 amasunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, koma akafika madigiri 30 amatsika kufika pa 7.5. Izi ndi za kumalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Ife ku Kasungu ndi anzathu a ku Mchinji tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, choncho madzi athu amasunga mpweya wocheperapo. Vuto lina n'lakuti madzi akafunda thupi la nsomba limathamanga, ndiye imafuna mpweya wambiri pa nthawi yomwe mpweyawo wachepa. Pampu ya m'thanki, yoyendera magetsi, ikamagwira ntchito, madzi apamwamba amagwedezeka ndipo mpweya umalowa. Ikangoima, zonse zimadalira kukula kwa pamwamba pa madzi. N'chifukwa chake thanki yaitali chopingasa imasunga nsomba zambiri kuposa yaitali chokwera, ngakhale malita atafanana. Timabotolo tozungulira tokhala ndi kukamwa kwakung'ono tija, ine sindilangiza munthu kuikamo nsomba.

Chimene chimapha nsomba zambiri sichioneka n'komwe. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamaola zimaonjezera. Amene analowapo m'khola la nkhuku losasesa akudziwa fungo lolasa m'mphuno lija: ndi amoniya yemweyo, kungoti nsomba ilibe zenera loti itsegule. Omwe amaipulumutsa ndi mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta (chosefera madzi a m'thanki) ndi pa timiyala tapansi. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amene ndi poizoni ndithu chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka msanga. Mabakiteriyawa samera tsiku limodzi. M'thanki yatsopano amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Munthu akabwera ndi thanki kuchokera ku Lilongwe Loweruka, n'kuthiramo nsomba 20 tsiku lomwelo, sabata isanathe amayamba kutola mitembo, n'kumati anamugulitsa nsomba zodwala. Nthawi zambiri nsombazo zinali bwinobwino. Yambani ndi ziwiri kapena zitatu, muzionjezera pang'onopang'ono pakapita masabata angapo.

Tengani tepi muyeze mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa thanki m'masentimita, muchulukitse, kenako mugawe ndi 1,000. Thanki ya masentimita 60 ndi 30 ndi 30 imapereka malita 54. Mukachotsera miyala, mchenga ndi mpata wapamwamba, madzi enieni ndi ngati malita 45. Osunga nsomba ambiri amatsata lamulo loti sentimita imodzi ya nsomba ifune lita imodzi ya madzi. Kwa ife kuno, ndi kutentha kwathu komanso magetsi ozimazima, ndimati muwerenge malita awiri pa sentimita. Ndiye thanki ija isunge nsomba zokwana masentimita 22 mukaziphatikiza, kapena kuti tinsomba ta guppy tisanu. Ena amakhumudwa akamva zimenezi, amati thanki ioneka yopanda kanthu. Ikanimo zomera ndi miyala, maso akhuta.

Lamuloli limagwira ntchito pa nsomba zing'onozing'ono zoonda basi, ndipo muziwerenga msinkhu umene nsomba idzafike ikakula, osati umene ili nawo m'pepala la pulasitiki pogula. Nsomba ikatalika kawiri, kulemera kwake kumachuluka kasanu ndi katatu. Nsomba imodzi ya masentimita 20 imalemera ngati 64 za masentimita 5 za thupi lofanana, ndipo zoipa imatulutsanso zambiri. Apa ndi pamene goldfish imapusitsa anthu. Imagulidwa ili ngati chala, koma imatha kupitirira masentimita 20, ndipo imadya ndi kuipitsa madzi mosalekeza. Pleco, imene amaigulitsa ngati yotsuka galasi, imapitirira masentimita 30. Guppy ili ndi vuto lina: siikira mazira, imabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, nthawi zina oposa 20. Munagula zisanu, miyezi itatu isanathe simungathe n'kuziwerenga. Ngati simukufuna zimenezo, sungani zazimuna zokhazokha, ndizonso zokongola.

Alipo amene amapempha ana a makumba kapena chilunguni kwa alimi a madamu n'kuwaika m'galasi. Nsomba zimenezo ndi za m'damu, zimakula, zimafukula mchenga, ndipo chilunguni chimabudula zomera zonse. Mlamba ndiye musayese, umameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake. Matemba ang'onoang'ono amakhala bwino, koma amafuna gulu la asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, monganso neon tetra. Nsomba zoyenda pagulu zikakhala ziwiri zokha zimakhala mwamantha, zimabisala. Choncho m'thanki yaing'ono sankhani mtundu umodzi mukhale ndi gulu lokwanira, kusiyana n'kutola imodziimodzi ya mitundu isanu.

Wina anena kuti anaona thanki ya mbuna itadzaza thothotho koma nsomba zili zathanzi. N'zoona. Mbuna za m'nyanja yathu zimalimbirana malo m'miyala, ndipo osunga amazichulukitsa dala kuti yaukali isapeze imodzi yoti izingoithamangitsa. Koma zimenezo zimachitika m'mathanki a malita 200 kapena kuposa, okhala ndi fyuluta yamphamvu, madzi akusinthidwa pafupipafupi. Wopanda jenereta kapena sola asatengere. Mbuna musazisakanizenso ndi tinsomba tofatsa, zimatinyenya zipsepse.

Thanki ikadzaza mopitirira imakuuzani yokha. Dzukani mbandakucha mukaone: nsomba zikakhala pamwamba zikuyasamula kukamwa, mpweya wachepa, pajatu usiku zomera nazo zimagwiritsa ntchito okosijeni. Madzi otuwa, fungo, zipsepse zong'ambika ndi timadontho toyera pathupi ndi zizindikiro zina. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, osati onse. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amapha mabakiteriya aja, ndiye thiranimo mankhwala ochotsa klorini, kapena muwasiye m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu. Siponji ya fyuluta muziitsukira m'madzi omwe mwachotsa m'thanki. Madzi mwachotsawo kathirireni masamba kudimba, muli nitrate, yemwe alimi a fodya amamugula m'thumba la CAN.

Magetsi akazima kwa maola ambiri, musadyetse nsomba. Kugona ndi njala tsiku limodzi kapena awiri sikuzipha, pomwe kudya kumazichititsa kufuna mpweya wambiri. Tungani madzi a m'thanki momwemo ndi kapu, muziwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola lililonse. Kapampu koyendera mabatire n'kothandiza kuposa nsomba ina yoonjezera. Ngati mwaona kuti zachuluka kale, gawirani anzanu amene ali ndi mathanki. Musakazitaye m'damu, m'dambo kapena mumtsinje wa Bua, chifukwa guppy ndi goldfish si za kuno, ndipo madzi a Bua amakathera m'nyanja ku Nkhotakota.