Msana ukupweteka? Yang'anani kaye benchi yanu

Uthengawu ndi wa akalipentala, matelala, owotcherera zitsulo ndi onse ogwira ntchito zamanja muno mu Mzuzu, kaya ku Luwinga, ku Chibavi kapena mumsika, komanso wa mabwana awo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana. Ambiri timangoti n'kutopa, kumwa panado n'kubwerera pa benchi yomweyo. Chonsecho nthawi zina cholakwika si thupi ayi, koma chipangizo chimene sichinapangidwe molingana ndi mwini wake.

Benchi yopalira matabwa ikatsika kwambiri, munthu amawerama tsiku lonse ndipo chiuno chimalema. Ikakwera kwambiri, mapewa ndi khosi ndi zomwe zimazunzika. Pa ntchito yopepuka, pamwamba pa tebulo pazifika m'chigongono mukaimirira. Pa ntchito yofuna mphamvu pazitsikirapo pang'ono. Telala akhale pa mpando wotsamira, makina ali pafupi, kuwala kukugwera pa singano kuti asamapinde khosi. Zida zimene mumagwira pafupipafupi zikhale pofikira mkono.

Inu opanga mipando, madesiki ndi makama muli ndi udindo wapadera, pakuti cholakwika cha m'shopu mwanu chimakapweteka munthu wina zaka zambiri. Musanadule thabwa la ku Chikangawa, funsani kuti adzakhalepo ndani. Desiki ya mwana wa Sitandade 2 siingafanane ndi ya wa Fomu 4. Mapazi ake aziponda pansi. Ndipo posintha kakonzedwe ka malo antchito, mverani amene amagwira ntchitoyo, chifukwa iwo ndi amene amadziwa pomwe pamawawa.

Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Linyamuleni muli anthu awiri kapena tengani wilibala. Pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, osapotoza chiuno. Muziimirira ndi kudziwongola pakapita kanthawi.

Mabwana, lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limakupatsani udindo woteteza antchito anu.

Ululu ukatenga masabata osasintha, kaonaneni ndi adokotala ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, komwe kulinso a mafizo. Koma miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, kapena mukalephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, musagone. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.