Atsikana a ku Algeria anawapatsa singano, cholembera n'kuwamana

Zithunzi zakale zija za ku Algeria, tiatsikana tachiluya titakhala pansi mondondozana, mitu yowerama, aliyense ndi kansalu kake kokungidwa pakathabwa, sisitere wa zovala zoyera ataima kumbuyo, anthu amaziona n'kumati ee koma zokongola. Ine zimandipweteka mumtima chifukwa ana ambiri mwa amenewo sukulu yawo inathera pompo, pa singano.

France inalanda Algiers, likulu la Algeria, mu 1830. Pakati pa 1866 ndi 1868 kunagwa mavuto onse pakamodzi, dzombe, chilala, kolera, kenako njala yoopsa, anthu n'kuti minda yabwino ambiri atalandidwa kale ndi atsamunda ndiye anafa ochuluka zedi. Charles Lavigerie anali atangofika mu 1867 ngati akibishopu wa Algiers, anatolera ana amasiye opitirira 1,700, ena anamwalirabe m'manja mwake chifukwa anafika atatheratu. MacMahon, bwanamkubwa wa atsamunda ku Algeria, anati njala ikatha anawa abwerere kwa abale awo, amaopa kuti Asilamu awukira akamva zoti ana awo akubatizidwa. Lavigerie anakana kwamtuwagalu. Pofuna anthu omuthandiza anayambitsa chipani cha ansembe cha ma White Fathers mu 1868, ndi cha masisitere, ma White Sisters, mu 1869, oyambawo anali atsikana a kumudzi ochokera ku Brittany, chigawo cha ku France. Inde ndi ma White Fathers omwewa amene anadzakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902.

Kupulumutsa ana ku njala palibe angakunyoze, ndipo masisiterewo anavutika nawo zenizeni. Funso ndi la zomwe anawo amaphunzitsidwa. Lavigerie yemweyo anawona kuti wansembe wamwamuna sangalowe m'nyumba ya Msilamu n'kuyankhula ndi mkazi kapena mwana wamkazi, n'zosatheka, koma sisitere atanyamula mankhwala ndi ulusi amalowa. Bambo amene sakanalola mwana wake kupita ku sukulu ya Akhristu amalola kuti apite kokaphunzira kusoka, poti madzulo abwerako ndi luso mwinanso kandalama pang'ono. Ndiye nyumba zosokera zija zinafalikira, ku Kabylie (kumeneko ndi kwa ma Berber osati Aluya, ngakhale azungu pa zithunzi amangolemba Aluya onse), mpaka kuchipululu ku Biskra, Laghouat ndi Ghardaïa. Kupeta nsalu, kuluka malesi, kuwomba makapeti, tsiku lonse, kuwerenga kumangobwera ngati kapamwamba.

Kuti muwone kuti sizinali zangozi tabwererani m'mbuyo pang'ono, masisitere asanabwere. Mu 1845 mayi wina wa ku France, Eugénie Luce, ameneyu sanali mmishonale, anatsegula sukulu ya atsikana achisilamu mu Algiers. Amaphunzitsa Chifalansa, kuwerenga, kulemba, masamu, kusoka kunali phunziro limodzi chabe mwa enawo, ndipo atsikana amakhoza bwino lomwe. Mu 1861 akuluakulu a boma la atsamunda anagamula kuti basi zamabuku zithe, sukuluyo isanduke malo osokera, ati mtsikana wophunzira Chifalansa sapeza banja pakati pa anthu akwawo. Akuluakulu ena achisilamu nawonso anali mbali yomweyo, tisabise. Amuna a mbali zonse ziwiri anagwirizana pa mutu wa mwana wamkazi, iye osafunsidwa. Malo aja anapitirira mpaka m'manja mwa mdzukulu wa mayi Luce, Henriette Benaben, alendo a ku England amabwera kudzagula nsalu ndi kudzawonerera ana akusoka, nsalu zina zinakawonetsedwa ku zionetsero zikuluzikulu ku London ndi Chicago.

Chinanso chomwe chimandiwawa, luso lopeta sanabwere nalo azungu ayi. Amayi a mu Algiers anali akupeta kalekale kuyambira nthawi ya ulamuliro wa ma Ottoman a ku Turkey, ulusi wa silika wofiira, wabuluu ndi wapepo pa nsalu yopyapyala, makatani a pakhomo, mipango, tizisoti tovala pochokera kosamba, mwana amaphunzira kwa amayi ake kapena kwa mayi waluso wa m'dera lawo. Chitsamunda chitasokoneza mabanja olemera amene amagula zinthuzi ndiponso nsalu zotchipa za m'mafakitale zitadzaza misika lusolo linayamba kuzilala, kenako omwewo n'kubwera kuti tikulipulumutsa, mapatani tisankha ife, kogulitsa tidziwa ife.

Zoona, alipo amayi amene analera ana ndi singano imeneyo, amasiye ndi osiyidwa ukwati makamaka, ndipo ena amawakumbukira masisitere mwachikondi chifukwa cha chipatala ndi chisamaliro. Koma ndi dzanja lomwelo lomwe limatha kuwerenga timaulusi ta nsalu osaphonya ndi kamodzi akanatha kulemba kalata, kusayina dzina, kuwerenga pepala la munda wa bambo awo. Pomwe Algeria imalandira ufulu mu 1962, patatha zaka 132 France ikulamulira, amayi achisilamu oposa 9 mwa 10 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.