Chinsinsi cha apusi a howler chili m'maso

M'nkhalango za ku America, kuyambira kum'mwera kwa Mexico mpaka kumpoto kwa Argentina, muli apusi otchedwa howler. Anatchuka ndi phokoso. Pakhosi ali ndi fupa lofufuma, lamphako, lokuza mawu ngati ng'oma, moti akabangula m'bandakucha amamveka kutali zedi. Koma ofufuza za majini (timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo) amachita chidwi kwambiri ndi maso awo.

Kuti diso lisiyanitse bwino chofiira ndi chobiriwira pamafunika majini awiri osiyana pang'ono, ndipo kwawo ndi pa chromosome X, kamodzi mwa timaulusi tonyamula majini m'thupi. Anthufe, anyani ndi apusi a ku Africa tili nawo onse awiri pa X imodzi. Apusi ambiri a ku America ali ndi jini imodzi yokha pa X iliyonse. Tsono wamphongo, poti X ali nayo imodzi, chofiira ndi chobiriwira amachiona ngati chimodzimodzi. Wamkazi ali ndi ma X awiri, choncho akachita mwayi n'kutengera mtundu wina wa jiniyo kwa make, wina kwa atate ake, amasiyanitsa. Gulu limodzi, mtengo umodzi, koma kaonedwe kosiyana!

A howler okha ndiwo anapatuka. Mu 1996, wasayansi Gerald Jacobs ndi anzake anapeza kuti kwa iwo amphongo ndi aakazi omwe amasiyanitsa. Kalekale, mwa kholo lawo lina, jini ija inakopedwa kawiri pa X imodzi, ndipo ziwirizo zinagawana ntchito.

Musafulumire kuti anatengera kwa abale awo a ku Africa. Makolo a apusi a ku America anachoka ku Africa zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo, kusinthaku kusanachitike mbali yathu. DNA, yomwe imapanga majini, ikuchitira umboni: mwa howler, kachigawo kolamulira jiniyo nako kanakopedwa, pamene mwa ife majini awiriwo amadalira kachigawo kamodzi. Zinachitika kawiri, uku payokha, uko payokha.

Nanga chinawapindulira n'chiyani? Ena amati ndi zipatso zakupsa. Ine ndimakhutira ndi yankho la masamba, chifukwa a howler amadya masamba kuposa apusi anzawo a kumeneko. M'nkhalango zotentha, masamba anthete a mitengo yambiri amaphuka ofiirira, ndipo ndi omwewo ofewa komanso a mapuloteni ochuluka. Pusi wowazindikira ali patali sataya mphamvu pachabe, pakuti chakudya cha masamba chimachedwa kugayika ndipo mphamvu zake n'zochepa.