Kulepherana pa chess: mkangano wa ku Chipata ndi masewero a mu 1872

Anyamata osewera chess ku Chipata amakangana kawirikawiri ngati kulepherana kuli chizindikiro cha mantha. Ambiri anakulira pa nsolo ndi pa drafuti ya zitsekero za mabotolo, kumene woluza amanyamuka pa benchi kuti wina akhalepo. Kugwirana chanza popanda wopambana kumawaonekera ngati kuthawa nkhondo.

Ali ndi mfundo ndithu. Ngakhale akatswiri anafika potopetsa anthu ndi khalidwe losuntha kangapo n'kugawana mapointi, moti mu 2005 okonza mpikisano wa ku Sofia, Bulgaria, analetsa osewera kupemphana okha kuti alepherane. Koma amene amanyoza kulepherana kulikonse sanaone zimene Carl Hamppe ndi Philipp Meitner anachita ku Vienna mu 1872. Meitner anali loya, bambo wake wa wasayansi wotchuka Lise Meitner, koma pa bolodi tsiku limenelo sanasewere ngati munthu wosamala malamulo.

Hamppe, wa zoyera, pa kusuntha kwachitatu anaika hatchi pa kabokosi kotchedwa a4, m'mphepete mwenimweni mwa bolodi, kuti aopseze bishopu wa mnzake. Mphunzitsi aliyense angakukalipireni mutatero. Meitner sanabweze bishopuyo. Anamuponya pa f2, kudya kasilikali kamodzi kokha, kuti mfumu yoyera ituluke pabwalo. Pa kusuntha kwa 9 anaperekanso mfumukazi posinthanitsa ndi hatchi ija, kenako anapereka hatchi yake. Mfumu ya Hamppe inkangomeza zonse zimene ankaiponyera, ikukokedwa pang'onopang'ono kuchoka kwawo, mpaka inapezeka pa c6, pakati penipeni pa adani, zida zake zambiri zisanasunthe n'komwe.

Apa aliyense anali atagwira mnzake pakhosi. Meitner analibenso zida zokwanira zoti amalizire yekha, ndiye bishopu wake wotsalayo anayamba kuopseza mfumu pa b7, kenako pa a6, n'kubwereranso pa b7. Hamppe akanati adye bishopuyo pa b7, kapena athawire pa a4, checkmate, pamene mfumu yoopsezedwa imasowa kothawira ndipo masewero amathera pomwepo, inali kumudikira. Njira yokha yopulumukira inali kubwerera pakati pa b5 ndi c6, ndipo anagwirana chanza pa kusuntha kwa 18. Osewera chess mpaka lero amawatcha masewerowa Immortal Draw, kutanthauza kulepherana kosaiwalika.