Nyenyezi yanu sinabedwe

Ikafika Juni ndimadziwiratu kuti funso lija likubwera, kaya m'kalasi kaya pamsika wa Mpondabwino: "Aphunzitsi, Akamwiniatsatana apita kuti? Kumwambaku kwasokonekera?" Ndaphunzitsa fizikisi kuno ku Zomba zaka zambiri, ndipo chomwe chandikwana ndi mayankho abodza amene anthu amakhala atamwetsedwa kale asanandifunse.

Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, sanasamuke. Oyenda ndife. Dziko likamazungulira dzuwa, nyenyezi zimatuluka mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, pamwezi n'kukwana maola awiri. Zitatu zija, zomwe mu Januwale mitambo ikang'ambika zimakhala pamwamba pamutu, mu Juni zimakhala kumwamba masana limodzi ndi dzuwa. Mu Ogasiti mulawire tambala woyamba, muyang'ane cha ku Nyanja ya Chilwa. Muzipeza zili pamzere wake womwewo, Nsangwe zitatsogola.

Kodi ndiye kuti magulu a nyenyezi sasintha n'komwe? Amasintha ndithu. Nyenyezi iliyonse ndi dzuwa palokha ndipo ili pa ulendo wake, koma zili kutali kwambiri moti liwiro lake maso saliona. Katswiri wa zakuthambo wa ku England, Edmond Halley, anazindikira zimenezi mu 1718 atayerekeza malo a nyenyezi zowala zotchedwa Sirius ndi Arcturus ndi zomwe Agiriki analemba kalekale. Yothamanga kuposa zonse kumwambaku, ya Barnard, imafuna zaka pafupifupi 180 kuti isunthe kamtunda kofanana ndi kukula kwa mwezi wathunthu, komanso popanda makina oonera kutali simungaione. Dziko nalo limapendama ngati nguli imene yayamba kutha mphamvu, ulendo umodzi zaka pafupifupi 26,000. N'chifukwa chake Mtanda wa Kummwera, umene ife timauona bwinobwino magetsi akazima, Agiriki akale ankauona koma a ku Athens, likulu la dziko lawo, lero sauona. Agogo a agogo anu anaona Akamwiniatsatana omwewa, ndipo zidzukulu zanu zidzawaona chimodzimodzi.

Ndikulimbikira nkhaniyi chifukwa cha mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa Fomu 3. Anali wanzeru, wa pabenchi yakutsogolo, ndipo anayamba kudwala matenda akugwa. Makolo ake anapita naye kwa bambo wina amene anawauza kuti nyenyezi ya mwanayo yabedwa ndi achibale. Umboni wake unali woti nyenyezi yowala imene ankaiona madzulo kumadzulo, pamwamba pa phiri, yasowa. Inasowadi. Koma inali Nthanda, Venus, yomwe si nyenyezi n'komwe. Ndi dziko linzathu lozungulira dzuwa, ndipo kuchoka madzulo n'kukaonekera m'mamawa ndi khalidwe lake, limabwereza pa masiku 584 alionse. Bamboyo ndikukhulupirira ankadziwa kuti ibweranso. Itatuluka kum'mawa anati waibweza ndi iyeyo, n'kulandira mbuzi yachiwiri.

Mwanayo anapitiriza kugwa. Tsiku lina anagwera pamoto akuphika nsima, dzanja lamanja n'kupsa mpaka zala kukwinyika. Apa m'pamene anapita naye kuchipatala, patatha miyezi yambiri, ndipo mapiritsi anachepetsa kugwako. Mayi ake atabwera kusukulu anandiuza atazyolika kuti, "Aphunzitsi, ifetu tinaona ndi maso athu nyenyeziyo itasowa." Sananame. Chimandipwetekabe n'choti ndinamva mphekesera ya nyenyeziyi koyambirira, ndinaiona ngati nkhani yaing'ono, sindinapite kwawo kukawajambulira pansi mmene Nthanda imayendera.

Choncho ndikupempheni, abale anga. Munthu akamagwa, akatentha thupi, akamaonda osadziwika chifukwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Wina akakulozerani kumwamba n'kutchula mtengo wobwezera nyenyezi, ndalamayo ikhale ya kabaza. Mtsikana uja mayeso a Fomu 4 analemba ndi dzanja lamanzere.