Kulandira malangizo a mankhwala pafoni: uthenga kwa anamwino ndi azamba a m'boma la Mchinji

M'zipatala zing'onozing'ono za m'boma lino, usiku namwino amatsala yekha ndi wodwala amene matenda amukulira, ndipo dokotala wapafupi amapezeka pafoni basi, kuchipatala chachikulu cha pa Boma. Malangizo a pafoni ayenera kulandiridwa pokhapokha ngati kudikira kuti dokotala adzalembe yekha kungaike moyo wa wodwala pachiswe.

Musanayambe kukambirana za mankhwala, tchulani dzina lonse la wodwala ndi zaka zake, chifukwa m'wodi imodzi mutha kugona a Phiri atatu. Nenaninso ngati ali woyembekezera, mankhwala amene amamuwenga, komanso sikelo yake ngati ali mwana, popeza mlingo wa mankhwala a ana amawerengera pa kulemera kwa thupi.

Lembani malangizowo m'fayilo ya wodwala nthawi yomweyo dokotala akulankhula. Ena amalemba padzanja kapena pa kapepala kong'ambika n'cholinga choti akopere pambuyo pake, ndipo pokoperapo m'pamene manambala amasokonekera.

Mukamaliza kulemba, awerengereni adokotala zonse mokweza: dzina la mankhwala, mlingo, njira yoperekera, kaya ndi kumwa, jakisoni kapena diripi, ndi kangati patsiku. Musadule foni mpaka iwo atavomereza kuti mwamva molondola. Apa pakufunika chidwi chachikulu, chifukwa manambala timawatchula m'Chingerezi, ndipo 15 ndi 50, kapena 16 ndi 60, amamveka mofanana netiweki ikamadukaduka. Tchulani nambala iliyonse payokha, wani kenako faivi. Mayina ena, monga ceftriaxone ndi cefotaxime, amafanana kamvekedwe, choncho pemphani kuti atchule chilembo chimodzichimodzi. Musaiwalenso kuti pa miyezo ya mankhwala, miligiramu (mg) imodzi ndi maikulogiramu (mcg) 1,000. Pa mankhwala oopsa monga insulin, morphine ndi magnesium sulphate wa amayi oyembekezera amene akukomoka, ndi bwino kuti mnzanu wachiwiri amvetsere nawo ngati alipo.

Pansi pa malangizowo lembani tsiku, nthawi, dzina ndi udindo wa amene walamula, ndiponso mawu osonyeza kuti zadzera pafoni, kenako musayine. Dokotala nayenso asayine akangofika, nthawi zambiri pasanathe maola 24.

Ngati mlingo ukukukayikitsani, funsani mwaulemu koma mosaopa, pakuti wopereka mankhwala ndinu ndipo mudzayankhapo ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Foni ikaduka musanatsimikizirane, imbaninso, ndipo mankhwalawo adikire kufikira mutamvana.